Nambala 2,147,483,647: mafunso ndi mayankho

Olemba mapulogalamu a kompyuta amaidziwa pamtima nambala imeneyi, chifukwa ndi malire amene amawawomba kawirikawiri pa ntchito yawo. Koma akatswiri a masamu anayamba kulimbana nayo kalekale, kompyuta isanaganiziridwe n'komwe, ndipo chimene chinkawakopa chinali china. Nkhani ziwirizi zimachokera pa muzu umodzi: nambalayi imangoperewera ndi 1 kuti ikwane 2,147,483,648.

Kodi imawerengedwa bwanji, ndipo ndi yaikulu motani?

Ili ndi madijiti 10. Poitchula timati mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, masauzande 483, ndi 647. Munthu atati aziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osagona, osapuma, angatenge zaka 68 ndi masiku ochepa kuti afike pamenepa. Zaka 68 zimenezi muzisunge m'mutu, tikumana nazonso kutsogoloku.

Nanga inachokera kuti? Bwanji madijiti ake akuoneka ngati ongosakanikirana?

Amaoneka osakanikirana chifukwa ife timawerenga m'makumi, pamene nambalayi inamangidwa ndi ziwiriziwiri. Lembani 2 maulendo 31 n'kuchulukitsa onsewo: 2 × 2 × 2 mpaka atathe. Mupeza 2,147,483,648. Chotsanipo 1, ndiye mwafika. Mwachidule amalemba kuti 2³¹ − 1.

Palinso njira ina yoionera, imene ine ndimaikonda kwambiri. Ndandalikani mabokosi 31. M'bokosi loyamba ikanimo kamwala kamodzi, lachiwiri timiyala tiwiri, lachitatu tinayi, lachinayi 8, kumangowirikiza choncho mpaka bokosi lomaliza. Timiyala tonse pamodzi tidzakhala 2,147,483,647. Mutha kutsimikiza ndi mabokosi ochepa: 1 + 2 ndi 3, kuphatikiza 4 ndi 7, kuphatikiza 8 ndi 15, kuphatikiza 16 ndi 31. Nthawi iliyonse chiwerengero chonse chimaperewera ndi 1 poyerekeza ndi timiyala ta bokosi lotsatira. Mukailemba m'kawerengedwe ka kompyuta, kamene kali ndi 0 ndi 1 basi, kusakanikirana konse kuja kumatha: pamangokhala ma 1 okhaokha, 31, ondondozana.

Akuti sigawika. Tanthauzo lake n'chiyani?

Manambala ambiri mutha kuwagawa m'magulu ofanana popanda chotsala. Mwachitsanzo 12 amagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6. Koma pali ena amene amakana: 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi anzawo amangogawika ndi 1 komanso ndi iwo eni. M'masamu amawatcha ma prime, ndipo pano tiziwatchula kuti manambala osagawika. Nambala yathuyi ili m'gulu limeneli. Pakati pa 1 ndi 2,147,483,647 palibe nambala ndi imodzi yomwe imene ingaigawe osasiya chotsala.

Yesani ndi manambala ang'onoang'ono. Imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 alephera kale. Madijiti ake mukawaphatikiza amakwana 46, ndipo popeza 46 sagawika ndi 3, nayonso sigawika ndi 3 kapena 9. Mukapitiriza mudzaona chinthu chochititsa chidwi: mukaigawa ndi 3 patsala 1, ndi 7 patsala 1, ndi 9 patsala 1, ndi 11 patsala 1, ndi 31 patsalanso 1. Si mwangozi ayi. Nambala yoyandikana nayo kumunsi, 2,147,483,646, ndi 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331, ndipo pali manambala 192 amene amaigawa bwinobwino. Yoyandikana nayo kumtunda imapangidwa ndi ma 2 okhaokha, ndipo oigawa alipo 32. Pakati pa anansi awiri ogawika choncho pakhala nambala imene palibe angaithyole.

Anatsimikiza zimenezi ndani, nanga anatha bwanji popanda makina?

Anali Leonhard Euler, katswiri wa ku Switzerland amene pa nthawiyo ankakhala ku St Petersburg. Anazifotokoza m'kalata imene analembera katswiri mnzake Bernoulli mu 1772. Apa n'kuti maso ake atatsala pang'ono kutheratu, moti ntchito zake zambiri ankachita kuuza ena kuti amulembere.

Funso la mmene anathera ndilo mtima wa nkhani yonseyi, choncho tiyeni tilitenge pang'onopang'ono. Munthu wosaganiza angayambe kugawa ndi 2, kenako 3, kenako 4, mpaka kupitirira mabiliyoni awiri. Ntchito yoteroyo munthu angafe asanaimalize. Masamu amaichepetsa ndi mfundo zinayi.

Choyamba, manambala ogawa amayenda awiriawiri. Ngati 91 agawika ndi 7, ndiye kuti agawikanso ndi 13, ndipo mmodzi mwa awiriwo amayenera kukhala wamng'ono. Tsono 46,340 × 46,340 ndi 2,147,395,600, zomwe n'zochepera nambala yathu, pamene 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, zomwe zaipitirira. Choncho ngati palibe woigawa kufika pa 46,340, ndiye kuti palibenso kutsogoloko. Kuchoka pa mabiliyoni, tatsikira pa masauzande 46.

Chachiwiri, n'zokwanira kuyesa manambala osagawika okha. Ngati 3 walephera, palibe chifukwa choyesera 6, 9 kapena 12. Manambala osagawika ochepera 46,340 alipo 4,792.

Chachitatu chinachokera kwa Pierre de Fermat, amene mu 1640 anaona kuti manambala a mtundu uwu sagawika ndi nambala wamba. Tengani 2¹¹ − 1, imene ndi 2,047. Imeneyi imagawika: ndi 23 × 89. Koma taonani, 23 ndi 22 kuphatikiza 1, ndipo 89 ndi 88 kuphatikiza 1, pamene 22 ndi 88 onse amagawika ndi 22, yemwe ndi 2 × 11. Lamulo ndi lomwelo kwa 2³¹ − 1: nambala iliyonse yoigawa iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62.

Chachinayi anawonjezera ndi Euler mwiniwake: nambala yoigawayo iyeneranso kusiya 1 kapena 7 ikagawidwa ndi 8. Mukaphatikiza malamulo awiriwa, otsala ndi manambala okhawo amene amasiya 1 kapena 63 akagawidwa ndi 248. Amenewa ndi monga 249, 311, 497, 559, 745. Kupatula 63 amene aliyense akuona kuti ndi 7 × 9, onse osapitirira 46,340 alipo 372. Ndipo ambiri mwa iwo amagwa okha, chifukwa 249 ndi 3 × 83, 497 ndi 7 × 71, 559 ndi 13 × 43. Oyenera kuwayesa enieni amayambira pa 311, kenako n'kudumpha mpaka 1,303.

Ntchito imene ikanatha moyo wonse wa munthu inasanduka ya masamu ogawa osaposa 372. Mwa zonse zokhudza nambalayi, ichi ndicho chimandigwira mtima. Euler sanapambane chifukwa chowerengera mwaliwiro kuposa anzake, ngakhale kuti analidi waliwiro. Anapambana chifukwa anayamba wafunsa kuti ndi manambala ati amene sangatheke n'komwe, n'kuwachotsa onse asanagawe ngakhale kamodzi.

N'chifukwa chiyani amaitcha nambala ya Mersenne?

Marin Mersenne anali wansembe wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1588 mpaka 1648, ndipo ankalemberana makalata ndi akatswiri ambiri a nthawi yake, kuphatikizapo Fermat. Mu 1644 anatulutsa mndandanda wa manambala amene iye ankati akaikidwa pamwamba pa 2, n'kuchotsapo 1, amatulutsa nambala yosagawika: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Kuyambira pamenepo manambala onse operewera ndi 1 choncho amatchedwa ndi dzina lake.

Pa 31 analondola, ngakhale kuti umboni unadikira zaka 128. Pa 67 ndi 257 analakwitsa, ndipo anaphonya 61, 89 ndi 107. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa kuti 2⁶⁷ − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Sitingamunyoze Mersenne pa zimenezi. Manambala otere panalibe munthu wa m'nthawi yake amene akanawayesa.

Pa manambala osagawika a Mersenne, yathuyi ndi ya nambala 8. Oitsogolera ndi 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287. Awiri omalizawo anawatsimikiza ndi Pietro Cataldi wa ku Italy mu 1588. Onani kudumpha kwake: kuchoka pa nambala ya madijiti 6 kufika pa ya madijiti 10, ndipo pakati pa Cataldi ndi Euler panadutsa zaka 184.

Popeza 31 sagawika, kodi sizinali zodziwikiratu kuti 2³¹ − 1 nayonso sigawika?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Lamuloli limagwira mbali imodzi yokha. Ngati nambala ya pamwambayo imagawika, zotsatira zake zimagawikanso: 2⁴ − 1 ndi 15, 2⁶ − 1 ndi 63. Koma ikakhala yosagawika, palibe lonjezo lililonse. Taona kale kuti 11 analephera. Nayenso 23 amalephera, pakuti 2²³ − 1 ndi 47 × 178,481. Ndipo 29, woyandikana kwambiri ndi 31, amatulutsa 233 × 1,103 × 2,089. Kusagawika kwa 31 kunangotsegula khomo; umboni unayenera kufunidwabe.

Kodi ili m'magulu ena ati a manambala?

Ndi ya Mersenne kawiri. Nambala ya pamwamba ija, 31, nayonso ndi ya Mersenne, pakuti ndi 2⁵ − 1. Manambala osagawika a mtundu umenewu odziwika alipo anayi okha: 7, 127, 2,147,483,647, ndi 2¹²⁷ − 1 imene ili ndi madijiti 39.

Ilibe mnzake wamapasa. Manambala osagawika amene amasiyana ndi 2, monga 11 ndi 13 kapena 17 ndi 19, amatchedwa mapasa. Koma 2,147,483,645 amagawika ndi 5, ndipo 2,147,483,649 amagawika ndi 3. Yosagawika yapafupi kumunsi ndi 2,147,483,629, ndipo kumtunda ndi 2,147,483,659. Mutati mundandalike manambala onse osagawika kuyambira pa 2, yathuyi ingakhale pa malo a 105,097,565.

Palinso nkhani ya masikweya, kutanthauza manambala monga 1, 4, 9, 16, 25 amene amapezeka nambala ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Manambala ena osagawika amapangidwa ndi masikweya awiri, monga 13 amene ndi 4 + 9. Kupatula 2, zimenezi zimatheka pokhapokha nambalayo ikasiya 1 poigawa ndi 4. Yathuyi imasiya 3, choncho awiri sangaikwanitse. Atatunso sangathe, chifukwa imasiya 7 ikagawidwa ndi 8, ndipo manambala otero sapangidwa ndi masikweya atatu. Imafuna anayi, monga mmene 7 amafunira 4 + 1 + 1 + 1. Joseph-Louis Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti palibe nambala imene imafuna oposa anayi, kotero yathuyi ili m'gulu la ovuta kwambiri.

Nanga ikugwirizana bwanji ndi manambala angwiro?

Nambala yangwiro ndi imene imafanana ndi chiwerengero cha manambala onse oigawa, kupatula iyo yomwe. Yoyamba ndi 6, chifukwa 1 + 2 + 3 ndi 6. Yachiwiri ndi 28, yomwe ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Kenako 496 ndi 8,128. Nambala yathuyi payokha ili kutali kwambiri ndi ungwiro, popeza woigawa ndi 1 yekha. Ili m'gulu la manambala amene owagawa akaphatikizidwa sawakwana, monga manambala onse osagawika. Koma imabala nambala yangwiro.

Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nambala iliyonse yosagawika ya mtundu umenewu ikachulukitsidwa ndi theka la nambala yoitsatira, pamatuluka nambala yangwiro. Tengani 3: yotsatira ndi 4, theka lake ndi 2, ndipo 3 × 2 ndi 6. Tengani 7: 7 × 4 ndi 28. Tengani 31: 31 × 16 ndi 496. Tikatero ndi yathuyi, 2,147,483,647 × 1,073,741,824 zimatipatsa 2,305,843,008,139,952,128, nambala yangwiro ya nambala 8, ya madijiti 19. Euler anatsimikizanso kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imabadwa mwa njira imeneyi basi.

Mu 1811 katswiri wa ku England, Peter Barlow, analemba kuti mwina imeneyi idzakhala nambala yangwiro yaikulu kwambiri imene anthu adzapeze, poti manambala otere ndi ongochititsa chidwi koma alibe ntchito, ndiye palibe amene angadzivutitse kufuna ina. Mbali zonse ziwiri za maganizo akewo zinadzatsutsidwa ndi nthawi.

N'chifukwa chiyani imapezeka kwambiri m'makompyuta?

Kompyuta imasunga nambala m'timalo totchedwa mabiti, ndipo biti iliyonse imakhala 0 kapena 1. Kwa zaka zambiri, muyezo wofala wosungira nambala yathunthu unali mabiti 32. Biti imodzi imapita ku ntchito yosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba pa 0 kapena pansi pake, ndiye pamatsala 31. Onse 31 akakhala 1, mwafika pa nambala yaikulu kwambiri imene malowo angasunge, yomwe ndi 2,147,483,647. Kumunsi malire ake ndi −2,147,483,648. Olemba mapulogalamu amailembanso kuti 7FFFFFFF m'kawerengedwe ka 16, kamene kamagwiritsa ntchito madijiti 0 mpaka 9 ndi zilembo A mpaka F.

Vuto limabwera wina akawonjezera 1 pa nambala imene yafika kale pamalirewo. M'makina ambiri nambalayo siima, komanso sichenjeza. Imangotembenuka n'kukhala −2,147,483,648. Chiwerengero chimene chimakwera bwinobwino chimapezeka mwadzidzidzi chili pansi pa 0. Mu 2014 YouTube inakulitsa malo osungira chiwerengero cha anthu oonera kufika pa mabiti 64, vidiyo ina ya nyimbo itayandikira malire amenewa. Ndipo malo a mabiti 32 otere sangasunge chiwerengero cha anthu a padziko lapansi, chimene chinakwana 8 biliyoni mu Novembala 2022.

Kodi vuto la chaka cha 2038 n'chiyani?

Apa ndi pamene zaka 68 zija zikubwereranso. Makompyuta a mtundu wa Unix, ndi ena ambiri amene anatengera njira yake, amasunga nthawi powerenga masekondi kuyambira pakati pa usiku, poyambira pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya UTC, imene ndi muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi. Ngati masekondiwo akusungidwa m'mabiti 32 mwa njira imene tafotokozayi, adzakwana 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07. Sekondi yotsatira, makinawo adzaona ngati tsikulo ndi 13 Disembala 1901.

Mankhwala ake ndi odziwika: kusunga nthawi m'mabiti 64, amene angawerenge masekondi kwa zaka mabiliyoni ambirimbiri. Makompyuta ndi mafoni ambiri atsopano anasamuka kale. Nkhawa yeniyeni ili pa timakina tating'ono tomwe timaikidwa m'kati mwa zipangizo zina n'kuiwalika, komanso pa mafayilo ndi nkhokwe zakale za deta zimene zinapatula malo a mabiti 32 okha. Pulogalamu yowerengera zinthu za zaka zambiri kutsogolo imatha kugunda malirewa 2038 isanafike n'komwe. Si nkhani yochititsa mantha, koma ndi yofunika kuikonza nthawi ikadalipo.

Ndiye kuti opanga makompyuta anaisankha chifukwa sigawika?

Ayi. Iwo anasankha mabiti 32, ndipo malire anangogwera pamenepo. Umboni wake ndi miyezo ina. Pa mabiti 16 malire ndi 32,767, amene ndi 7 × 31 × 151. Pa mabiti 64 malire ndi 9,223,372,036,854,775,807, amene amagawika ndi 7. Pa mabiti 8 malire ndi 127, wosagawika. Zimangotengera ngati nambala ya pamwamba ija yagwera pabwino.

Komabe mwayi umenewu anthu anaugwiritsa ntchito. Kompyuta ikafuna manambala ooneka ngati a mwachisawawa, monga pa masewera kapena pa kafukufuku woyerekezera, njira imodzi yakale ndi iyi: tengani nambala, ichulukitseni ndi 16,807, gawani ndi 2,147,483,647, ndipo chotsalacho ndiyo nambala yanu yatsopano. Kenako bwerezani. Stephen Park ndi Keith Miller anailimbikitsa njira imeneyi mu 1988. Chifukwa chakuti wogawayo sagawika, ndipo 16,807 anasankhidwa mosamala, mndandandawo umadutsa pa nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646 usanayambe kubwereza. Chimene Barlow ankati chilibe ntchito chinadzalowa m'mapulogalamu osawerengeka.

Masiku ano angaiyese bwanji?

Pali njira yachidule imene anaiyamba Édouard Lucas m'zaka za m'ma 1870, n'kuikonzanso Derrick Lehmer cha m'ma 1930. Mumayamba ndi 4. Mumachulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, n'kuchotsapo 2, n'kugawa ndi nambala imene mukuiyesayo, n'kusunga chotsala. Mumabwereza maulendo ochepera ndi 2 pa nambala ya pamwamba ija. Mukathera pa 0, ndiye kuti sigawika. Mukathera pena, imagawika.

Tiyese ndi 31, yemwe ndi 2⁵ − 1, choncho maulendo ndi atatu. Ulendo woyamba: 4 × 4 − 2 ndi 14. Wachiwiri: 14 × 14 − 2 ndi 194, ndipo tikagawa ndi 31 patsala 8. Wachitatu: 8 × 8 − 2 ndi 62, amene ndi 31 × 2, patsala 0. Zatheka. Kwa 2,147,483,647 pamafunika maulendo 29 okha. Chodabwitsa cha njirayi n'chakuti nambala ikalephera mayesowa, timadziwa kuti imagawika koma osadziwa woigawa. N'chifukwa chake Lucas anadziwa mu 1876 kuti 2⁶⁷ − 1 imagawika, koma manambala oigawawo anadikira Cole mpaka 1903.

Kodi ikadali m'gulu la manambala aakulu osagawika?

Inakhala patsogolo kwa zaka zoposa 70 kuchokera pa kalata ya Euler ija, koma lero foni iliyonse ingaitsimikize munthu asanaphethire. Mu 1876 Lucas anatsimikiza 2¹²⁷ − 1 ndi manja, ndipo mu 1883 Ivan Pervushin wa ku Russia anapeza 2⁶¹ − 1, imene ndi yotsatira yathuyi pa mndandanda wa Mersenne. Kuyambira 1996 gulu la GIMPS, limene anayambitsa George Woltman, limagwirizanitsa makompyuta a anthu ongodzipereka kudzera pa intaneti kuti azisaka manambala amenewa. Mu Okutobala 2024 linapeza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, ya madijiti 41,024,320, imene inakhala ya 52 pa manambala osagawika a Mersenne odziwika.

Euclid anatsimikiza kuti manambala osagawika alibe mapeto. Koma ngati a Mersenne nawonso alibe mapeto, palibe amene watsimikiza mpaka pano, monganso palibe amene wapeza nambala yangwiro yosagawika ndi 2 kapena kuonetsa kuti kulibe.